Mmene Luso Lolukana Mawu Linafikira M'makwaya a kwa Njewa

Kalekale, kusanabwere tchalitchi, limba kapena buku la nyimbo, anthu a m'chigwa cha Lilongwe ankadziwa kale kuti nyimbo si ya munthu mmodzi. Akuluakulu amasimba kuti makolo a Achewa anachokera ku Uluwa, m'dziko lomwe lero ndi Congo, ndipo atayenda mibadwo ingapo ena anakhazikika ku Kaphirintiwa ndi ku Msinja, m'mphepete mwa mapiri a Dzalanyama, osati kutali kwenikweni ndi dera la Mfumu Njewa. Ku Msinja kunali kachisi wa mvula wa Makewana pamodzi ndi ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri. Panalibe wolemba nyimbo za kumeneko papepala, komabe kaimbidwe kake kanatsala m'miyambo imene tikuionabe mpaka lero.

Kaimbidweko tonse timakadziwa: mmodzi amayambitsa, gulu n'kupolokoza. Koma wotchera khutu bwino amamva kuti woyambitsa sadikira kuti opolokoza amalize. Amalowa iwo akadali pakati, ndipo kwa kamphindi nyimbo ziwiri zimayendera limodzi, iliyonse m'njira yakeyake. Pamtondo amayi awiri kapena atatu amasinja molandizana, munsi wina ukutsika pomwe unzake ukukwera, nyimbo ili pakamwa. Pabwalo la Gule Wamkulu mpanje umagwira kamvekedwe kake osasintha, ng'oma zina zikudzaza mipata, mbalule ikuyankhula ndi mapazi a wovina, amayi nawo akuwomba m'manja mwa mtundu winanso. Ku Tete, Anyungwe ali ndi gule wa nyanga, momwe mwamuna aliyense amanyamula timabango tochepa totulutsa mawu awiri, atatu kapena anayi. Payekha alibe nyimbo. Nyimbo imabadwa pamene aliyense wauzira panthawi yake, m'mpata umene mnzake wamusiyira. Uwu ndiwo muzu woyamba wa makwaya athu.

Muzu wachiwiri unamera ku Ulaya, m'nyumba za amonke. Kumeneko anayamba ndi nyimbo ya mzere umodzi m'Chilatini, onse kuimba chimodzimodzi. Cha m'ma 1025, mmonke wina wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, anakonza njira yolembera nyimbo pamizere napatsa mawu mayina omwe pambuyo pake anasanduka do, re, mi. Nyimbo itatheka kulembedwa, munthu anatha kukhala pansi n'kulinganiza mizere iwiri, itatu kapena inayi kuti iyende pamodzi popanda kugundana. Pofika cha m'ma 1200, Pérotin wa ku tchalitchi cha Notre Dame ku Paris anali atapeka kale nyimbo za mawu anayi. Luso limeneli, loti liwu lililonse likhale ndi nyimbo yake yomveka payokha koma yogwirizana ndi zinzake, ndilo limatchedwa counterpoint.

Lusoli litakula linabweretsa mkangano. Mizere inkalukana kwambiri mwakuti mawu a pemphero sankamvekanso, ndipo nkhaniyi inakafika ku msonkhano waukulu wa mpingo wa Katolika wa ku Trent, womwe unachitika kuyambira 1545 mpaka 1563. Giovanni Pierluigi da Palestrina, yemwe anamwalira mu 1594, amakumbukiridwa chifukwa anaonetsa kuti mawu angathe kulukana pemphero n'kumamvekabe. Ku Germany nako Martin Luther ankafuna kuti mpingo wonse uziimba m'chinenero chake, choncho mu 1524 munatuluka mabuku oyamba a nyimbo za mpingo wake. Nyimbo zosavuta zimenezi, zomwe mlimi ndi mmisiri ankaziimba pamtima, zinadzakhala mbewu ya ntchito zazikulu za mibadwo yotsatira.

Nyengo yomwe imatchedwa Baroque, kuyambira cha m'ma 1600 mpaka 1750, ndiyo inafikitsa lusoli pachimake, makamaka mu mtundu wa nyimbo wotchedwa fugue. Kamangidwe kake kali chonchi. Liwu limodzi limayamba lokha ndi kachigawo kafupi, komwe ndi mutu wa nyimbo yonse. Likamaliza mutuwo, liwu lachiwiri limautenga pamalo okwererapo kapena otsikirapo, pomwe loyamba lija likupitiriza ndi mzere wina woperekeza. Lachitatu limalowa, kenako lachinayi, lililonse ndi mutu womwewo. Onse akalowa, mutu umasowa kwa kanthawi, n'kutulukiranso kwina. Wopeka angathe kuutembenuza kuti pokwera pakhale potsika, angautalikitse, kapena kuchititsa kuti mawu alowe mothinana, lina lisanamalize linzake layamba kale. Zimafanana ndi mlandu pabwalo la mfumu: mmodzi amaika nkhani, nduna iliyonse n'kuitenga ndi kuiunika mbali yake, mpaka onse afike pachigamulo chimodzi.

Mu 1685 ku Germany kunabadwa amuna awiri amene mayina awo sachoka pankhaniyi: Johann Sebastian Bach ku Eisenach ndi George Frideric Handel ku Halle. Bach anali mwana wa banja la oimba, ndipo anatsala wamasiye asanakwanitse zaka khumi. Mu 1705, ali ndi zaka 20, anayenda wapansi kuchoka ku Arnstadt kupita ku Lübeck, mtunda wa makilomita pafupifupi 400, woposa wochokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre, kuti akamve katswiri wa limba Dieterich Buxtehude. Kuyambira 1723 mpaka imfa yake mu 1750 anali mphunzitsi ndi mtsogoleri wa nyimbo pa tchalitchi cha St Thomas ku Leipzig. Ntchito yake sinasiyane kwenikweni ndi ya kwayamasitala wa lero: kuphunzitsa anyamata a pasukulu, kukopera nyimbo pamanja, kukonzekera Lamulungu lililonse, ndi kulimbana ndi akuluakulu a mzinda pa za ndalama ndi kuchepa kwa oimba aluso. M'zaka zoyamba ankapeka nyimbo yaikulu yatsopano pafupifupi sabata iliyonse, ndipo zotere zomwe zatsala mpaka lero zilipo pafupifupi 200. Nthawi zambiri ankatenga nyimbo ya mpingo yomwe aliyense ankaidziwa, kuipereka kwa a sopulano kuti aziimba pang'onopang'ono, mawu enawo akulukana pansi pake. Misa yake yaikulu, imene anaimaliza cha m'ma 1749, imayamba ndi pemphero lopempha chifundo lomwe ndi fugue ya mawu asanu. A tenala amayamba, ena n'kumalowa mmodzimmodzi, mpaka pempho la munthu mmodzi lasanduka kulira kwa khamu lonse. Kumapeto kwa nyimbo zake zambiri ankalemba zilembo zitatu, S.D.G., kusonyeza kuti ulemerero ndi wa Mulungu yekha.

Handel anatenga njira ina. Anaphunzira ku Italy nakakhazikika ku London, komwe ankapekera anthu olipira pakhomo. Mu 1741 anapeka Messiah m'masiku 24, pa mawu a m'Baibulo omwe anasonkhanitsa Charles Jennens. Inaimbidwa koyamba ku Dublin pa 13 Epulo 1742, ndipo ndalama zake zinathandiza zipatala ndi kumasula anthu omangidwa chifukwa cha ngongole. Handel ankadziwa kusakaniza: pena mawu onse amagunda pamodzi, pena amabalalika n'kumathamangitsana, kenako n'kukumananso. N'chifukwa chake nyimbo zake zinalowa msanga m'mitima ya anthu wamba. Za Bach zinagona m'makabati kwa zaka zambiri, mpaka Felix Mendelssohn anaukitsa St Matthew Passion ku Berlin mu 1829.

Chimene chinatulutsa nyimbozi m'matchalitchi a anthu olemera chinali njira yophweka yowerengera. Mayi wina wa ku Norwich ku England, Sarah Glover, anakonza njira yophunzitsira ana pogwiritsa ntchito zilembo m'malo mwa mizere isanu, ndipo mbusa John Curwen anaikonzanso naifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Iyi ndiyo tonic sol-fa, ija ya d r m f s l t. Sinkafuna limba kapena makina apadera osindikizira. Bolodi, choko ndi khutu zinali zokwanira. Ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi anayamba kuimba Messiah, ndipo mu 1859 ku Crystal Palace ku London kunaimba kwaya ya anthu oposa 2,000. Amishoni omwe anabwera kuno anakulira m'nyengo imeneyo.

Mishoni ya Livingstonia inafika ku Cape Maclear mu 1875, ya Blantyre mu 1876. Chaka cha 1876 chomwecho kunabwera William Koyi ndi anzake atatu kuchokera ku Lovedale ku South Africa, sukulu yomwe inatchuka pa kaimbidwe ka sol-fa, kotero kuti ena mwa oyamba kubweretsa nyimbo zachikhristu kuno anali Aafirika anzathu. Ku Blantyre, David Clement Scott, amene anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, anakhazikitsa kwaya ya anyamata ovala mikanjo, zomwe zinamudanitsa ndi ena a mpingo wake. A Anglican anakhazikika pa Likoma mu 1885. M'chigawo chapakati, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula Mvera mu 1889, Nkhoma n'kutsatira mu 1896. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ndi ku Likuni, pakhomo penipeni pa anthu a kwa Njewa, mu 1903.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sikuti amanyamula katundu yense wa kwawo. Chimene chinafika m'sukulu za m'midzi sichinali fugue ya Bach ayi. Inali nyimbo ya mawu anayi oyenda limodzi: sopulano atanyamula nyimbo, aluto, tenala ndi besi akuperekeza, onse kutchula liwu limodzi panthawi imodzi. Mphunzitsi ankapachika tchati cha do, re, mi, n'kumaloza ndi ndodo, ana akukwera ndi kutsika. Mu 1916 mamishoni anagwirizana kutulutsa buku la Nyimbo za Mulungu, ndipo mu 1922 Buku Lopatulika linatuluka. Nyimbo zambiri za m'bukulo zinali zomasulira, ndipo apa panali vuto. Chichewa chimatsindika mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu, pomwe nyimbo zambiri za Chingerezi zimagunda pa womaliza. Omasulira ankadula mawu kuti akwane, ndipo kukwera ndi kutsika kwa chiyankhulo chathu nthawi zina kunkapita kwina, nyimbo kwina. Ku Likuni Misa inkaimbidwa m'Chilatini, m'kaimbidwe kakale ka mzere umodzi. Ng'oma inatsala panja m'mipingo yonseyi, chifukwa amishoni ankaiona ngati ya kudambwe.

Komabe makolo athu sanangolandira atapinda manja. Nyimbo za Ira Sankey, zomwe m'makolasi mwake amuna amayankha akazi, zinagwira msanga chifukwa zinafanana ndi kupolokoza kwa kumudzi. Pamaliro ndi pamisonkhano ya misasa, mayi mmodzi ankalowa msanga kutchula mzere wotsatira, abambo n'kuika besi yawoyawo yomwe m'buku munalibe. Kumpoto, Donald Fraser wa ku Loudon, komwe ndi ku Embangweni, analimbikitsa Angoni ndi Atumbuka kupeka nyimbo zawo pa kaimbidwe ka makolo. Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo zomwe zikuimbidwabe, ndipo zina zinawoloka nyanja kukalowa m'mabuku a ku Ulaya. Amuna opita ku Halale ndi ku Joni pa Theba ankabwerako atamva makwaya a kumigodi ndi a m'makomboni. Amayi a Chigwirizano m'sinodi ya Nkhoma, a Mvano ku Blantyre ndi a Umanyano ku Livingstonia anakhala nkhokwe ya nyimbo zosalembedwa. A Seventh-day Adventist, omwe anayambira ku Malamulo mu 1902, anakulitsa kuimba kwa mawu anayi popanda chida chilichonse.

Zaka za m'ma 1960 zinasintha zambiri. Mu 1963 msonkhano wachiwiri wa Vatican unalola zinenero ndi kaimbidwe ka eni dziko pa Misa. Ng'oma, maseche ndi visekese zinalowa m'tchalitchi, ndipo asisitere a Poor Clares a ku Lilongwe anatchuka popeka nyimbo za mapemphero m'Chichewa zokhala ndi ng'oma ndi kuvina. Mu 1964 dziko linalandira ufulu, nyimbo ya fuko yopekedwa ndi Michael Sauka n'kuyamba kuimbidwa m'sukulu zonse, ndipo wailesi ya MBC inayamba kufikitsa makwaya m'nyumba za anthu.

Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mzinda unakoka anthu a m'zigawo zonse. Kawale ndi Biwi anadzaza, Area 23 ndi Area 25 anatsegulidwa, Chinsapo inakula m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, Mgona inamera pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo, ndipo minda ya kwa Njewa inayamba kusanduka mapuloti. Pofika kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni. Pabenchi limodzi la kwaya panakumana wa ku Rumphi wodziwa sol-fa kuyambira ali mwana, wa ku Likoma wozolowera mwambo wa Anglican, wa ku Mulanje, ndi mwana wa m'mudzi momwemo wokulira pa chimtali. Mipingo inachuluka: Mtima Woyera, Don Bosco ku Area 23, St Francis ku Area 25, St Denis ku Chinsapo, matchalitchi a CCAP m'dera lililonse, ndipo tchalitchi chimodzi chinayamba kukhala ndi makwaya angapo. Zikondwerero ndi mipikisano ya makwaya zinapangitsa ena kufuna nyimbo zovuta zoti aonetsere luso. Apa ndi pomwe Handel anapezera malo. Mapepala a sol-fa a Aleluya wa mu Messiah wake anayamba kuyenda m'manja, kukopedwa pamanja, kenako pamakina, mpaka zilembo zina kufufutika.

Amene anakhalapo pa pulakatisi ya nyimbo imeneyi amadziwa pamene pamavuta. Dzuwa likupendeka, oimba afika kuchokera kumsika, kusukulu, ena atsika pa kabaza. Kwayamasitala walemba pabolodi mizere inayi, zilembo zitalekanitsidwa ndi timadontho ndi timizere toimirira. Chiyambi chimayenda bwino chifukwa onse amagunda pamodzi. Kenako pamafika paja ponena za ufumu wa Khristu wosatha, pomwe a besi amayamba okha. A tenala ayenera kuwerenga chamumtima kuti alowe panthawi yake, a aluto pambuyo pawo, a sopulano pomalizira. Wina amachita mantha ndi chete n'kulowa msanga. A aluto amakokedwa ndi a sopulano n'kutaya mzere wawo. Kwayamasitala amamenya tebulo, n'kutulutsa gulu lililonse panja, ena pansi pa mtengo, ena kuseri kwa tchalitchi, kuti akaloweze paokha. Zimatenga masabata, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene mizere inayi yalowa bwino, oimba eni ake amayang'anizana, chifukwa aliyense akumva kuti mzere wake ndi nyimbo payokha ndipo palibe amene akungoperekeza mnzake. Kachigawo kameneko ndi fugue yaifupi, ndipo ambiri amene amakaimba bwino sanamvepo n'komwe dzinalo.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 zinthu zinatembenukanso. Makaseti, kenako ma CD ndi ma DVD, anapatsa makwaya msika. Mawailesi a mipingo monga Radio Maria ndi Radio Alinafe anatsegulidwa, ndipo magulu ngati Ndirande Anglican Voices ndi Great Angels Choir anadziwika dziko lonse. Izi zinali zabwino: nyimbo zopekedwa m'Chichewa zinachuluka ndipo achinyamata anadzaza makwaya. Koma kiyibodi inabwera ndi mtengo wake. Imaimba yokha ng'oma ndi besi munthu akangodina batani, choncho abambo a besi anayamba kuchepa ntchito. Makwaya ambiri lero amaimba mawu atatu ongotsatana, kukwera limodzi ndi kutsika limodzi, nyimbo yophunzira pafoni. Odziwa kulemba ndi kuwerenga sol-fa akukalamba. Magetsi akazima pakati pa mapemphero, pali makwaya amene amasowa poyambira, chinthu chimene agogo athu a Chigwirizano sakanachimvetsa.

Mwayi sunathe. Ku Area 23 kuli sukulu ya Music Crossroads yomwe imaphunzitsa achinyamata kuwerenga ndi kupeka nyimbo. Ku University of Malawi ku Zomba maphunziro a nyimbo alipo. Foni yomweyo imene yafooketsa ena ingathe kumvetsa mwana wa ku Mgona Misa yonse ya Bach, imene Bach mwini wake sanaimvepo ikuimbidwa yathunthu. Ndipo m'maliro a kwa Njewa usiku, pomwe kulibe chokuzira mawu, woyambitsa amalowabe opolokoza asanamalize, abambo akudzaza pansi, monga zinkakhalira kale.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti kulukana kwa mawu si chuma cha Azungu okha. Iwo anakulemba papepala nakukulitsa kwa zaka mazana ambiri. Makolo athu anakusunga m'khutu, m'manja ndi m'mapazi. Chomwe chatsala n'chakuti mizu iwiriyi ikumane mwadala. Bach ankatenga nyimbo imene mpingo wake unkaidziwa n'kumangapo nyumba yaikulu. Wopeka wa ku Chinsapo kapena ku Kawale angachite chimodzimodzi ndi nyimbo ya amayi a Chigwirizano kapena ya kumphakati, mutu wake utatsata kukwera ndi kutsika kwa Chichewa, mawu anayi akulandizana popanda kudula liwu ndi limodzi lomwe.

Tsono inu abusa, ansembe ndi akulu a mpingo, pamene mukusonkhetsa ndalama za kiyibodi ndi zokuzira mawu, patulaniponso ya bolodi, choko ndi mphunzitsi wa sol-fa. Inu makwayamasitala, lembani nyimbo zanu, ndipo pa pulakatisi iliyonse muziimbako imodzi popanda chida. Inu achinyamata, pitani kwa madala amene akadali ndi mapepala akale aja akuphunzitseni akadali moyo.